Galimoto yogonamo ikudontha kapena yagwira dzimbiri: fufuzani motere

Mvula ikangokhazikika mu Disembala, madandaulo a eni magalimoto ogonamo amakhala omwewo chaka ndi chaka: matiresi anyowa, kapeti ikununkha, pansi pa zenera patuluka matuza. Ambiri mwa magalimoto amenewa kuno ku Tete ndi ma HiAce akale omwe anachotsamo mipando n'kuikamo bedi ndi kabati, ma Nissan Caravan, ndi ma Kombi olowa kuchokera ku South Africa. HiAce yotchedwa H100 inapangidwa kuyambira 1989 mpaka 2004, ndipo Kombi ya T3 ku South Africa anasiya kuipanga mu 2002. Choncho ngakhale yaing'ono mwa izi yadutsa zaka 20, ndipo malabala ake ambiri ndi omwe inabadwa nawo.

Dera lathu limazunza galimoto pawiri. Mumzinda wa Tete, ku Moatize ndi m'chigwa chonse cha Zambezi, dzuwa la Okutobala ndi Novembala limapitirira madigiri 40. Limaumitsa labala, guluu wa padenga n'kung'aluka. Mukakwera ku Angónia, ku Tsangano kapena ku Furancungo, kumene kuli pamwamba pa mamita 1,000, mumakumana ndi mvula yambiri, nkhungu ndi matope ofiira osauma msanga. Dzuwa la kumunsi limatsegula ming'alu, mvula ya kumtunda n'kulowamo.

Chinthu chimodzi chomwe ndikufuna muchigwire musanagule chilichonse: pomwe madzi akuonekera si pomwe akulowera. Amatha kulowa pabawuti ya kaliyala kutsogolo, n'kuyenda mkati mwa chitsulo cha denga, n'kukagwera pamtsamiro kumbuyo. Kumata silikoni pomwe pakugwa dontho n'kungotsekera madziwo mkati, ndipo mkatimo ndi momwe dzimbiri limakulira.

## Kayesedwe ka madzi

Mayeso awa abwera m'zigawo zambiri pansipa, ndiye tiyambe nawo. Pafunika anthu awiri, tochi, ndi paipi yothirira kapena ndowa ndi kapu.

1. Umitsani mkati kaye. Tulutsani matiresi ndi kapeti, ndipo ngati n'kotheka masulani mapulaiwudi a m'mbali kuti chitsulo chizioneka.
2. Wazani paudala wa ana kapena ufa woyera pang'ono m'misoko ndi pansi pa mazenera. Madzi akadutsa amasiya kanjira kooneka bwino. Mukamaliza sesani ufawo, ungaitane makoswe.
3. Wina akhale mkati ndi tochi, wina kunja ndi madzi.
4. Yambirani pansi kukwera m'mwamba: zitseko, kenako mazenera, kenako ngalande ya m'mphepete mwa denga, denga lenilenilo pomaliza. Mukayambira pamwamba ponse panyowa nthawi imodzi, simudziwa polakwa.
5. Pamalo pamodzi thirani kwa mphindi zingapo musanasunthe. Mng'alu waung'ono umachedwa kuonetsa.

Musagwiritse ntchito makina otsukira magalimoto aja opopa mwamphamvu. Amakankhira madzi ngakhale pa labala wabwinobwino, mukhoza kusintha chinthu chosalakwa.

## Chizindikiro 1: Madontho kapena mabanga pasiling'i mvula ikagwa

Yambani ndi guluu wozungulira chotulutsira mpweya kapena kazenera ka padenga. Apa ndiye pamalakwa kawirikawiri, chifukwa ndi bowo lalikulu lomwe munthu anachita kudula padenga, osati la ku fakitale. Kwerani m'mawa denga lisanatenthe, dinani guluuyo ndi chala. Ngati ndi wolimba gwa, wang'aluka, kapena wasiyana ndi chitsulo moti chikhadabo chikulowa, ntchito yake yatha.

Kukonza kwake si kupaka wina pamwamba. Masulani chonsecho, palani guluu wakale mpaka atheretu, pukutani ndi sipiriti, onani ngati m'mphepete mwa bowolo mwachita dzimbiri. Ngati mwachita, lithetseni kaye monga tafotokozera pa chizindikiro 6. Kenako yalani tepi ya butyl (tepi yofewa yomata, yotseka madzi) pansi pa felemu, mangani masikuluu mosinthanasinthana mbali kuti felemu ikhale mofanana, ndipo zungulizani m'mphepete ndi guluu wa polyurethane, monga Sikaflex 221. Guluu wotere akauma amalola penti, ndipo kuno m'pofunika kumupenta chifukwa dzuwa limamudya akakhala pamtetete.

Miyendo ya kaliyala ndi mabawuti ake. Kaliyala amene amasenza matumba a mbatatesi kuchokera ku Tsangano kapena tayala lapadera pamsewu wa mabampu amagwedezeka, ndipo bowo la bawuti limakula pang'onopang'ono. Gwedezani mwendo uliwonse ndi dzanja. Yang'anani mzere wofiirira wotsika kuchokera pabawuti. Masulani, tsukani, pakani penti m'bowomo, ikani washa ya labala ndi guluu, ndipo mkati muikemo kachitsulo kathyathyathya kogawa kulemera.

Polowera waya wa sola kapena wa wailesi. Ambiri amangoboola, kulowetsa waya, n'kumata. Waya amasuntha ndi mphepo, guluu n'kulekana naye. Pamafunika kabokosi kolowetsera waya kokhala ndi nati yofinya, ndipo wayayo azitsika kaye pang'ono asanalowe kuti madzi oyenda naye azidonthera kunja.

Msoko wa m'ngalande ya denga. Pa HiAce yakale ndi Kombi, denga limalumikizana ndi mbali za galimoto m'kangalande kozungulira. Guluu wa ku fakitale wa mmenemo amang'aluka ndi ukalamba, ndipo fumbi, maluwa a mango ndi timasamba zimasunga chinyezi pamenepo. Tsukani ndi mswachi wakale. Mukaona mng'alu wonga tsitsi, kumbani guluu yense wa chigawo chimenecho, konzani chitsulo, ikani watsopano, pentani.

Lona wa denga lonyamuka. Ngati galimoto yanu ili ndi denga lokwezeka, onani misoko ya lona ndi labala wa m'mphepete. Lona wopindidwa ali wonyowa amachita chuku n'kufumbwa. Mukafika pomwe mukupita, kwezani denga aume.

Za silikoni ndinene mosabisa. Uja wa m'bafa wonunkha ngati viniga amatulutsa asidi akamauma, ndipo asidiyo amadya chitsulo chopanda penti. Komanso pomwe papita silikoni, penti sagwira, guluu wina sagwira, ngakhale silikoni mnzake sagwira bwino. Ndi wotchipa lero, koma amene adzakonze pambuyo pake adzatha tsiku lonse akupala.

## Chizindikiro 2: Pansi pa mapazi a dalaivala kapena wokwera kutsogolo panyowa

Musanafufuze, gwirani madziwo ndi chala, muwanunkhize. Zimenezi zokha zimakuuzani theka la nkhani.

- Oyera, osanunkha, obwera mvula ikagwa: ndi a kunja.
- Oyera, obwera mukayatsa AC ngakhale kuli dzuwa: ndi a AC.
- Oterera, a mtundu wobiriwira kapena wofiira, onunkha motsekemera: ndi a mu redieta, akuchokera mu hita.

Timabowo totulutsira madzi tatsekeka. Pansi pa galasi lakutsogolo, pomwe pali mawaipa ndi polowera mpweya, madzi amayenera kutuluka okha. Galimoto yoimikidwa pansi pa mtengo pothawa dzuwa la ku Tete imadzaza masamba pamenepo, ndipo fumbi la malasha la ku Moatize likasakanikirana ndi madzi limasanduka phala lakuda lotseka chilichonse. Chotsani ndi dzanja, tokosani ndi kawaya kofewa ka pulasitiki, thirani kapu ya madzi. Ayenera kugwera pansi pa galimoto nthawi yomweyo.

Labala wa galasi lakutsogolo. Tukulani m'mphepete mwake pang'ono ndi kapulasitiki, makamaka m'makona a m'munsi. Mukaona zofiirira kapena penti wofufuma, ndiye kuti chitsulo chogwira galasi chayamba kudyeka. Apa guluu wa pamwamba sathandiza. Galasi liyenera kuchoka kuti chitsulocho chikonzedwe, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wa magalasi. Galasi lakale limasweka mosavuta pochotsa, ndipo la Kombi silipezeka msanga kuno.

Zitseko. Madzi ena amalowa ndithu mkati mwa chitseko kudzera pagalasi, ndi mmene anachipangira, ndipo amatulukira m'timabowo ta kunsi kwake. Tikatsekeka, mumamva madzi akukhuchumuka mukamatseka chitseko. Tokosani. Onaninso pepala la pulasitiki lomwe limakhala kuseri kwa chophimba cha mkati. Amene anaikapo masipika nthawi zambiri amaling'amba osalibwezera.

Paipi ya AC. Ndi kapaipi ka labala kotulukira kunsi. Mavu omanga ndi dothi amakonda kumangamo galimoto ikakhala nthawi osayenda. Katsegulani ndi kawaya kofewa.

Hita yabooka. Izi sizichitika kawirikawiri, koma n'zoopsa kwa injini. Ngati madzi a mu redieta akuchepa ndipo galasi likuchita nthunzi yamafuta mkati, musapite ulendo wautali. Pitani kwa makaniko. Musatsegule chivindikiro cha redieta injini ili yotentha.

## Chizindikiro 3: Madzi akutsika pakhoma pansi pa zenera kapena pachitseko chokoka

Pa mazenera otsetsereka, yambani ndi kanjira komwe galasi limayendamo. Kali ndi timabowo totulutsira madzi kunja, ndipo fumbi la mumsewu wa dothi limatitseka nyengo imodzi yokha. Mswachi ndi madzi a sopo zimathetsa vuto limeneli nthawi zambiri, popanda kugula kanthu.

Zikakanika, onani labala wozungulira zenera. Labala wokalamba amafupika, ndipo pomwe nsonga zake zimakumana pamatsala mpata. Wotereyu sachira, amangofunika watsopano. Ngati zenera ndi la felemu ya aluminiyamu yomangidwa ndi masikuluu, lichotseni, muyale butyl watsopano. Aluminiyamu ikakhudzana ndi chitsulo chopanda penti pamalo onyowa, zitsulo ziwirizi zimadyana, choncho pasakhale pomwe zikugundana popanda penti kapena tepi pakati.

Chitseko chokoka chikatha timawilo take chimagwa pang'ono n'kusiya kufinya labala kumtunda. Yesani ndi pepala: litsekereni pachitseko, likokeni. Likatuluka mosavuta, pamenepo palibe kufinya. Sinthani timawilo kapena konzani kakhalidwe ka chitseko musanagule labala. Chitani chimodzimodzi ndi chitseko chakumbuyo, ndipo muonenso kuseri kwa magetsi akumbuyo, chifukwa siponji yomwe imakhala pamenepo imafumbwa.

Labala amene akadali bwino mupukuteni ndi nsalu yonyowa, mumupake glisalini kapena girisi wa silikoni kawiri pachaka. Musamupake oyilo wa injini, dizilo kapena Vaseline. Zimenezi zimamufufumitsa n'kumufewetsa mpaka kutha.

## Chizindikiro 4: M'mawa mkati mwanyowa koma mvula sinagwe

Ichi chimasokoneza anthu ambiri, mpaka ena amamata denga lonse pomwe silikudontha. Gonani usiku wa Juni kapena Julayi ku Ulongué kapena pamalire a Calómuè mutatseka mazenera onse, m'mawa mupeza magalasi ali chuuu, ndipo madontho ali ndondondo pachitsulo cha denga. Madzi amenewo ndi mpweya wanu womwe. Wagunda chitsulo chozizira n'kusanduka mame.

Zoyambitsa, kuyambira yofala kwambiri:

- Kugona mutatseka ponse. Siyani mpata wa zala ziwiri pazenera limodzi ndi chotulutsira mpweya cha padenga, kuti mpweya uzilowa pansi n'kutulukira pamwamba. Ikani neti pamipatayo, udzudzu wa m'chigwa cha Zambezi suchita chibwana.
- Kuphikira mkati. Kilogalamu imodzi ya gasi ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzi ndi theka, osawerengera nthunzi ya mumphika wa nsima. Phikirani panja, kapena tsegulani chitseko.
- Zovala, nsapato ndi matawulo onyowa osiyidwa mkati usiku.
- Zotchingira kutentha zosunga madzi. Thonje la galasi, siponji wamba kapena mabulangete akale oikidwa kuseri kwa pulaiwudi amamwa mamewo n'kuwagoneka pachitsulo chaka chonse. Pisani dzanja kumunsi kwa khoma. Ngati n'konyowa, chotsani zonse, muike thovu losamwa madzi, lomatidwa bwino pachitsulo, ndipo musatseke timabowo ta pansi pa khomalo.
- Matiresi ogona papulaiwudi yosaboola. Kunsi kwake kumachita chuku chakuda. Boolani mabowo papulaiwudiyo kapena ikani timatabwa totalikirana, ndipo m'mawa uliwonse imikani matiresi kwa kanthawi.

Chenjezo lomwe sindikufuna mulidumphe: musalowetse mbaula ya makala m'galimoto pofuna kuumitsa kapena kuotha, ngakhale makala atayaka bwino osafuka. Amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, umene umapha munthu ali m'tulo. N'chimodzimodzi kugona mutayatsa chitofu cha gasi kapena injini.

## Chizindikiro 5: Pansi pa kabati kapena pafupi ndi sinki panyowa

Ngati pampu ya madzi ikudziyatsa yokha kwa kamphindi pomwe mipope yonse ndi yotseka, penapake pakuchucha. Yalani nyuzipepala youma pansi pa malumikizano onse, bwerani pakatha ola.

Nthawi zambiri ndi kachitsulo komangira paipi kamene kamasuka ndi mabampu. Kenako paipi yolumidwa ndi makoswe, makamaka ngati munanyamulapo chimanga kapena mtedza. Kenako labala wa pansi pa sinki, ndipo pomaliza thanki yong'aluka pakona chifukwa chosamangidwa bwino. Zonsezi mungakonze nokha. Chachikulu n'chakuti mukatha, mutukule pulaiwudi ya pansi muone chitsulo. Madzi olowa pakati pa pulaiwudi ndi chitsulo sauma okha.

## Chizindikiro 6: Matuza papenti, mabanga ofiira, chitsulo chikuyoyoka

Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chomwe ladya, n'chifukwa chake limatukula penti. Thuza looneka ngati njere ya nyemba kunja nthawi zambiri limakhala nsonga chabe. Limagwira ntchito ngati chiswe m'mtanda wa nyumba: kunja kumaoneka bwino mkati mutatha.

Muli magawo atatu, ndipo muyenera kudziwa pomwe muli. Tengani sikuludiraiva, dinani mwamphamvu.

1. La pamwamba. Mtundu wofiirira, chitsulo chili cholimba, chikulira bwino mukachigogoda. Ili ndi lanu.
2. La makoko. Likuyoyoka, pansi pake pali timaenje. Mungathe ngati malowo sanyamula kulemera ndipo chitsulo chotsalacho n'chokhuthala.
3. Loboola. Sikuludiraiva yalowa. Apa palibe mankhwala. Podyekapo padulidwe, awotcherere chitsulo chatsopano.

Zoyambitsa zake:

Madzi okhala mkati mwa chitsulo, ochokera ku chimodzi mwa zizindikiro zisanu zapitazi. Matuza a m'munsi mwa zitseko, pansi pa mazenera ndi m'misoko ya m'mbali ya Kombi T3 amachokera mkati kutuluka kunja. Mukapenta kunja osatseka polowera madzi, abwerera mvula isanathe.

Katundu amene munanyamula. Izi n'zathu kuno ndipo sizikambidwa mokwanira. Feteleza wotayikira pansi amakoka chinyezi ndipo amadya chitsulo mofulumira kwambiri. Nsomba za mchere za chicoa ndi kapenta wochokera ku Cahora Bassa zimasiya mchere m'misoko ya pansi. Yalani lona wochindikala musanapakire, ndipo mukatsitsa tukulani kapeti, sesani, tsukani ndi madzi ambiri, umitsani padzuwa zitseko zili pululu.

Kukonza kwakale kobisika. Yendetsani maginito okulunga m'kansalu m'mbali mwa galimoto. Pomwe sakugwira pali filler wochindikala, phala losalazira chitsulo lija a bate-chapa amati massa. Filler amamwa madzi kuchokera kumbuyo ngati anamumata pabowo, ndipo dzimbiri limapitiriza pansi pake. Mayeso awa achiteni makamaka pogula galimoto yopentedwa kumene.

Miyala yothetheka pamsewu, ndi tizitsulo ta poboola. Mukaboola padenga, sesani tinyenyeswa tonse tsiku lomwelo. Tikagona ndi mame timasiya timadontho tofiira tomwe timalowa mupenti.

Kakonzedwe ka dzimbiri la pamwamba ndi la makoko:

1. Palani ndi bulashi ya waya ndi sandipepala mpaka chitsulo chiwale, mupitirire pang'ono kulowa mupenti wabwino. Valani magalasi oteteza maso ndi chotchinga pamphuno.
2. M'timaenje momwe bulashi siyikufika pakani mankhwala osandutsa dzimbiri, aja okhala ndi asidi wa phosphoric kapena tannic. Amadetsa malowo. Amagwira pa dzimbiri lopyapyala lokha, pa makoko ochindikala sapyola. Valani magolovesi ndipo tsatirani zolembedwa pabotolo.
3. Pukutani mafuta onse, pakani primer, penti woyambirira wogwira pachitsulo. Wa epoxy ndiye amatseka madzi bwino. Red oxide wamba payekha sateteza nthawi yaitali, amafuna penti pamwamba.
4. Ngati pakufunika filler, akhale wopyapyala, wongosalaza, pachitsulo chathunthu.
5. M'misoko ikani guluu wa misoko, kenako penti.
6. Kuseri kwake poperani phula lamadzimadzi la m'mphako za galimoto. Sitepe imeneyi ndi imene ambiri amaisiya, ndipo ndi imene imapangitsa kuti ntchito ikhalitse.

Musasiye chitsulo chopala chigone usiku chopanda primer, makamaka kumtunda komwe mame amagwa kwambiri. Ndipo nthawi ya ntchitoyi ndi Ogasiti ndi Seputembala, kukali kouma koma kusanafike potentha kwambiri. Mumzinda wa Tete gwirani ntchito m'mawa, pamthunzi. Denga la masana limaumitsa penti ndi guluu pamwamba pokha zisanagwire.

## Chizindikiro 7: Dzimbiri kunsi kwa galimoto

Kunsi ndi komwe kumasankha ngati galimoto ikhala kapena ipita kukaphwasulidwa, koma ndi komwe anthu sayang'ana. Pitani pamalo pomwe pali dzenje loyang'anira magalimoto. Musalowe pansi pa galimoto yoimikidwa pajeki yokha.

Matope. Ndiwo oyamba. Amakanirira pamwamba pa matayala, kuseri kwa madigadi, pamasitepe a zitseko, pamwamba pa thanki ya mafuta ndi mkati mwa chasisi. Kunja amauma, mkati amakhala onyowa kwa masabata. Mukachoka m'misewu ya dothi ya ku Macanga kapena ku Chifunde nthawi ya dzinja, tsukani kunsi, lowetsani paipi m'mabowo a chasisi mpaka madzi atuluke oyera. Pisani zala m'mlomo wa madigadi, mumva dothi lomwe maso sakuona.

Mchere wobwera nayo. Magalimoto ena ochokera ku Japan anayenda m'madera a chipale chofewa komwe amathira mchere m'misewu, ndipo amafika kunsi kutayamba kale. Ulendo wa kunyanja ku Beira nawonso umafuna kutsuka kunsi ndi madzi abwino mukabwerako.

Phula lakuda lakale lomwe lasiyana ndi chitsulo. Likang'aluka limasanduka thumba losunga madzi. Pomwe lafufuma, palani muone. Ndipo musalole kuti wina apope phula latsopano pamwamba pa dzimbiri kapena matope. Kumaoneka kokongola, koma kwangobisika.

Asidi wa batire. Ngati pokhala batire pali ufa woyera ndipo chitsulo chadyeka, chotsani batire, tsukani ndi madzi osungunuliramo soda wophikira, umitsani, pentani. Batire lachiwiri la magetsi a mogonamo likhale m'bokosi la pulasitiki, lomangidwa, lokhala ndi potulukira mpweya kunja.

Anthu ambiri amapopera oyilo wakuda wotsitsa mu injini kunsi kwa galimoto. Ndikumvetsa, ndi waulere ndipo amachedwetsa dzimbiri pang'ono. Koma amaononga malabala a masipuling'i, akafika pamabuleki ndi ngozi, amagwira fumbi, ndipo amadonthera pabwalo pomwe ana amasewera n'kulowa m'nthaka. Phula la m'mphako lopangidwira ntchitoyi ndi lomwe liyenera kupita kumeneko, kunsi kutatsukidwa ndi kuuma bwino, kamodzi pachaka mvula isanayambe. Musapopere pa ekizozi kapena pamabuleki.

## Pomwe muyenera kusiya n'kuitana mmisiri

- Dzimbiri loboola kapena lofewetsa chitsulo pafupi ndi pomangira masipuling'i, mashoko, chiwongolero, mipando kapena malamba. Oyesa magalimoto ku Britain amalepheretsa galimoto ngati zotere zili mkati mwa masentimita 30 kuchokera pamalo amenewa. Muyezo umenewu ndi wabwino kuutsatira ngakhale kuno.
- Chasisi chang'aluka, chafufuma kapena chabooka, kapena jeki ikulowa m'chitsulo mukamakweza.
- Mapaipi a mabuleki achita makoko kapena anyowa. Musayendetse n'komwe. Makaniko abwere pomwe galimoto ili.
- Thanki kapena paipi ya mafuta ikuchucha. Thanki ya petulo siwotchereredwa chisawawa, ngakhale ilibe kanthu, chifukwa mpweya wotsalamo umaphulika.
- Fungo la gasi, kapena paipi ya gasi yadyeka. Tsekani pasilinda, tsegulani zitseko, musayatse kapena kuzimitsa switchi iliyonse.
- Madzi afika pa mafyuzi, pa inverter kapena pa mawaya a magetsi a 220. Zulani chingwe cha kunja, chotsani waya wa negetivi pabatire, itanani wa zamagetsi.
- Dzimbiri pozungulira galasi lakutsogolo kapena pamizati ya zitseko. Zimenezi ndi zomwe zimagwira denga galimoto ikagubuduzika.
- Chuku chakuda chafalikira kuseri kwa makoma, makamaka ngati mwana kapena munthu wa mphumu amagonamo.

Mukapita kwa wowotcherera, konzekerani nokha musanamupatse makiyi. Tulutsani silinda ya gasi, masulani mabatire onse awiri ndi waya wa sola, chotsani pulaiwudi, thovu ndi kapeti kuseri kwa pomwe awotchererepo. Moto wa m'galimoto zogonamo umayambira kuseri kwa khoma, pomwe mmisiri sakuona, choncho wina aime mkati ndi chozimitsira moto mpaka chitsulo chizizire.

Apempheni mwaulemu amisiriwo kuti adule chodyekacho mpaka pachitsulo chabwino, osati kuphimba chigamba pamwamba pa dzimbiri, ndipo akuitaneni muone msokowo asanapake filler ndi penti. Mmisiri wodziwa ntchito yake sakana zimenezi. Akamaliza, kuseri kwa chigambacho kumakhala kopanda penti chifukwa moto wamutentha, ndiye musabwezeretse pulaiwudi musanapakeko primer ndi phula.